TETE, MZINDA WAKALE WA PA GOMBE LA ZAMBEZI

Pakati pa ife anthu a ku mapiri a Angónia ndi Tsangano, ndi ochepa amene amapita ku Tete n'cholinga chokaona mzindawo. Ambiri amatsikira kumeneko ali ndi chowakakamiza. Wina amakhala akuperekeza wodwala ku chipatala chachikulu cha chigawo, wina akukasaka chikalata ku maofesi a boma, ndipo wina wakweza matumba a mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi kuti akagulitse ku msika wa Kwachena. Akatsiriza chimene anapitira amathamangira galimoto yobwerera kwawo, ndipo mukawafunsa za ulendo yankho limakhala limodzi: "Abale, ku Tete kumatentha!"

Kutenthako n'koona, koma mzinda umene wakhala pa gombe la Zambezi zaka pafupifupi 500 uli ndi zambiri zotiuza kuposa kutentha. Mbiri ya makolo athu, Amaravi ndi Angoni omwe, inadutsa pa dooko limeneli. Ena mwa iwo anafikapo atasenza minyanga ya njovu ndi makasu a malonda, ena anafikapo atamangidwa m'magoli ndipo sanabwererenso. Ana athu amawoloka mlatho wa Tete akuyang'ana pa foni, osadziwa kuti pansi pawo pakuyenda madzi a mbiri yawo. N'chifukwa chake, okondedwa awerengi, tikukupemphani kuti mutsagane nafe pa ulendo wochokera ku Fonte Boa kupita ku Tete, ndipo tiyende modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kutsika kuchokera ku mapiri

Dzina loti Fonte Boa ndi la Chipwitikizi, ndipo tanthauzo lake ndi kasupe wabwino. Ansembe a Chikatolika a chipani cha Yesu ndiwo anakhazikitsa mishoni pamalopa m'chaka cha 1945, ndipo anatchula bwino, chifukwa dziko lino ndi la madzi ozizira, nkhungu ya m'mawa ndi minda yobereka. Munthu wonyamuka kuno m'bandakucha wa mwezi wa Juni amavala juzi ndi chikhoti, koma asanafike pakati pa ulendo amakhala atavula zonse ziwiri.

Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 200. Tikalowa mu msewu wa phula wochokera ku Ulongwe timalunjika kummwera mpaka pa Mussacama, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè, pa malire a Mwanza. Kuyambira pamenepo dziko limasintha maso akuona. Mitengo ya bulugama ndi mapichesi imatsala m'mbuyo, udzu umafupika, nthaka imasanduka ya miyala, ndipo milambe imayamba kuonekera umodziumodzi mpaka kudzaza chigwa chonse. M'malo mwa ng'ombe zokoka ngolo timaona mbuzi zambirimbiri, ndipo m'nyengo yake ana amaima m'mbali mwa msewu ndi mabeseni a masau. Kwathu tili pamwamba mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Tete ali pa mamita osafika 200. Ichi ndicho chifukwa chake m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 40.

Tikadutsa Moatize, tawuni ya malasha, timawoloka mtsinje wa Revubwe. Apa mlendo wochokera ku mapiri ayenera kuyang'ana pansi, pakuti madzi amenewa ndi akwathu. Revubwe amayambira m'mapiri a Angónia, natsika njira yonseyi kudzathira m'Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mu Januwale 2022, mvula ya namondwe Ana itagwa mwamphamvu kumtunda, mtsinjewu unasefukira nudula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize. Zimene zimachitika m'mapiri mwathu, kudula mitengo ndi kulima m'mbali mwa mitsinje, anthu a m'chigwa amazimva ndi matupi awo.

Mlatho wolenjekeka

Mzinda weniweni wa Tete uli kutsidya la kummwera. Kuti tikafikeko timadutsa dera la Matundo n'kukwera mlatho wa Samora Machel, umene uli wolenjekeka pa zingwe zachitsulo ndipo utali wake umaposa mamita 700. Anaukonza mapulani ake ndi katswiri wa Chipwitikizi Edgar Cardoso, ndipo unatsegulidwa m'chaka cha 1973, patangotsala zaka ziwiri kuti ulamuliro wa Apwitikizi uthe. Usanamangidwe, anthu ndi magalimoto ankawoloka pa pantoni ndi m'mabwato.

Kwa zaka zoposa 40 katundu wochuluka wopita ku Malawi kuchokera ku Zimbabwe, South Africa ndi Beira ankadzera pa mlatho umodzi womwewu. M'zaka za nkhondo ya pachiweniweni, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, magalimoto ankayenda m'msewu umenewu pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo madalaivala achikulire amakumbukirabe zigoba za malole otenthedwa zimene zinali m'mbali mwa njira. M'chaka cha 2014 panatsegulidwa mlatho wachiwiri wa Kassuende, makilomita ochepa kumunsi kwa mzinda, kuti malole olemera azidzera kumeneko.

Amene ali ndi mphamvu atsike galimoto nawoloke mlatho wakalewu pansi, makamaka madzulo dzuwa likupendeka. Galimoto ikadutsa mumamva mlatho ukunjenjemera pang'ono pansi pa mapazi. Kumtunda ndi kumunsi Zambezi amaoneka wotambalala, wodekha, wokhala ndi zisumbu za mchenga, ndipo asodzi amapalasa mabwato awo monga ankachitira makolo awo. Kuseri kwa mzinda kwaima phiri la Caroeira. Munthu woleredwa pa mitsinje yolumpha ndi mwendo umodzi amayamba wakhala chete.

Chiyambi cha mzindawu

Eni nthaka amatchula malowa kuti Nyungwe, ndipo chiyankhulo chawo ndi Chinyungwe. Ndi chiyankhulo chapachibale ndi chathu, kotero kuti mayi wogulitsa nsomba akati "Muli tani?" simusowa womasulira. Akuluakulu amasimba kuti dzina loti Tete linachokera ku mitete, bango la m'mbali mwa mtsinje limene alendo oyamba anapeza anthu akudula.

Apwitikizi sanapeze thengo. Asanafike iwo, amalonda a Chiswahili ochokera ku gombe la nyanja ya mchere anali atakhazikitsa kale msika pano, akugula golide wochokera m'dziko la Mwenemutapa, kumene lero kuli Zimbabwe. Golide yemweyo ndiye anakoka Apwitikizi, amene anakwera mtsinje nakhala ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Wansembe Gonçalo da Silveira anadzera pano m'chaka cha 1560 pa ulendo wopita kwa Mwenemutapa. Anabatiza mfumuyo, koma m'mwezi wa Marichi 1561 anaphedwa ku likulu lake komweko. Patapita zaka zochepa mfumu ya ku Portugal inatumiza gulu lankhondo lotsogozedwa ndi Francisco Barreto kuti likalande migodi ya golide, koma malungo ndi matenda a akavalo anagonjetsa gululo m'chigwa cha Zambezi.

Kwa zaka mazana otsatira Tete anakhala kamudzi ka amalonda, asilikali ochepa ndi ansembe, kutali kwambiri ndi Lisbon, ndipo kwa nthawi yaitali ankalamuliridwa kuchokera ku Goa, m'dziko la India. Anapatsidwa ulemu wokhala tawuni m'zaka za m'ma 1760, ndipo anakwezedwa kukhala mzinda pa 21 Marichi 1959. Kalembera wa m'chaka cha 2017 anapeza kuti mumzindawu munali anthu oposa 300,000.

Wofuna kuona Tete wakale ayende pansi m'misewu yoyandikana ndi mtsinje. Kumeneko kuli tchalitchi chakale cha São Tiago Maior, dzina la mtumwi Yakobo limene Apwitikizi anapatsanso linga lawo, ndiponso zotsala za malinga amiyala. Kuli nyumba za makoma ochindikala ndi makonde aakulu, zomangidwa ndi anthu amene ankadziwa kulimbana ndi dzuwa popanda makina oziziritsa mpweya. Zina zikugwiritsidwabe ntchito, zina zang'ambika ndipo mizu ya mitengo yalowa m'ming'alu, pamene pambali pake pamera nyumba zosanja za magalasi. Zikwangwani zofotokoza mbiri ndi zosowa. Mlendo amene sanauzidwe akhoza kudutsa pa khoma la zaka mazana n'kuliyesa mpanda wamba.

Tete ndi dziko la Amaravi

Tsidya la kumpoto la Zambezi, kumene ife tachokera, linali dziko la Amaravi: Kalonga, Undi ndi Lundu. Undi anamanga likulu lake ku Maano, m'chigawo chomwe chino cha Tete, ndipo anthu ake ankabweretsa pa dookoli minyanga, chitsulo chosula ndi chakudya, natenga nsalu ndi mikanda. Ubale wa mbali ziwirizi unali wosinthasintha. M'chaka cha 1608 mfumu Muzura inatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi kutsidya la mtsinje, koma patapita zaka mfumu yomweyo inatembenukira mikondo yake kwa iwo.

Zambiri zimene zinalembedwa kale za makolo athu zinalembedwa ndi apaulendo onyamukira pa Tete. Gaspar Bocarro anachoka pano m'chaka cha 1616, nadutsa m'dziko la Amaravi mpaka kukafika ku Kilwa, pa gombe la Tanzania wa lero. Francisco de Lacerda ananyamuka m'chaka cha 1798 kupita kwa Mwata Kazembe, ku Luapula, ndipo anafera komweko. M'zaka za 1831 ndi 1832 António Gamitto anayenda njira yomweyo, nalemba mwatsatanetsatane za ulimi, maliro, maukwati ndi usodzi wa Amaravi ndi Achewa. Anthuwa ankaona ndi maso a alendo ndipo pena ankanyoza zimene sanazimvetse, komabe akatswiri a mbiri ya Achewa amawerengabe zolemba zawo mpaka lero.

Angoni nawonso anayenera kuthana ndi mtsinje womwewu. Zwangendaba anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. A Maseko anawolokera kumunsi, pakati pa Tete ndi Sena, ndipo atayenda maulendo ataliatali anadzakhazikika pa phiri la Domwe cha m'ma 1870. Dzina loti Angónia linachokera kwa iwo. Pangano la malire la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal ndilo linadula mtundu umodzi pakati, abale ena nakhala a ku Ntcheu ndi Dedza, ena nakhala oyang'aniridwa kuchokera ku Tete.

Dooko la misozi

Pali mbiri ina imene makoma oyerawa sanena, koma wapaulendo woona mtima sangaidumphe. Mfumu ya ku Portugal inagawa nthaka ya m'chigwa cha Zambezi m'minda ikuluikulu yotchedwa prazo. Mwa lamulo, mundawo unkakhala m'banja limodzi kwa mibadwo itatu, kudzera mwa ana aakazi, ndipo eni ake ambiri anali osakanizika magazi a Chipwitikizi, Chimwenye ndi Chiafirika. Anthu opezeka pa nthakayo ankapereka msonkho, liwu lathu lomweli limene Apwitikizi ankalilemba kuti mussoco. Eni mindawo anali ndi magulu a akapolo onyamula mfuti otchedwa Achikunda, amene ankatolera msonkhowo, kusaka njovu ndi kumenya nkhondo. Zidzukulu za Achikunda zilipo mpaka lero m'chigwa cha Zambezi ndi cha Luangwa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, minda ya nzimbe ya ku Brazil ndi ya pa zilumba za m'nyanja ya India inafuna manja ambiri, ndipo munthu anasanduka katundu wopindulitsa kuposa minyanga. Anthu ogwidwa m'midzi ya Amaravi, Ansenga ndi Amang'anja ankasonkhanitsidwa pa Tete, natsitsidwa m'mabwato kupita ku Quelimane, kumene zombo zinkadikira. Boma la Portugal linaletsa kutumiza akapolo kunja m'chaka cha 1836, koma lamulo lolembedwa ku Lisbon linachedwa kufika m'chigwa, ndipo malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zambiri.

Mabanja ena a eni minda anakula mphamvu mpaka kuposa boma. Kumpoto kwa Tete banja la Pereira linalamulira Makanga ngati mafumu, ndipo linafooketsa ufumu wa Undi. Kumunsi, pa Massangano, pamene mtsinje wa Luenha umathira m'Zambezi, Bonga wa banja la Da Cruz anagonjetsa kangapo magulu ankhondo a Apwitikizi pakati pa 1867 ndi 1869, ndipo linga lakelo linagwa m'chaka cha 1888. Ukapolo utatha kunabwera chibalo, ntchito yokakamiza imene inathetsedwa mwa lamulo m'chaka cha 1961, ndipo agogo athu ena akuikumbukira ndi zipsera.

Tisafulumire kuloza chala mlendo yekha. M'malonda a anthu munali Mzungu, Mmwenye, Mswahili, ndiponso mfumu yakuda imene inagulitsa ana a mlongo wake posinthana ndi nsalu ndi mfuti. Ukaima pa gombe la Tete n'kuganiza kuti mwina m'bale wa gogo wa gogo wako anakwerera bwato pomwepo, funso limene limabwera ndi la masiku athu ano: kodi achinyamata amene amanyengedwa ndi malonjezo a ntchito, nadutsitsidwa pa msewu womwewu atabisidwa m'malole, tikuwateteza motani?

Mapazi a Livingstone

Kumayambiriro kwa Marichi 1856, David Livingstone anafika pa Tete ali wofooka ndi njala ndi malungo, atayenda kuchokera ku Luanda kudzera ku Linyanti ndi ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mkulu wa asilikali a pamalopa, Tito Sicard, anamulandira namusamala kwa milungu ingapo. Popitiriza ulendo wa ku Quelimane, Livingstone anasiya pano Amakololo oposa 100 amene anamuperekeza, nawalonjeza kuti adzabwera kudzawatenga. Anabweradi m'chaka cha 1858, koma anapeza ena mwa iwo atafa ndi nthomba.

Pa ulendo wachiwiriwu anabwera ndi sitima ya moto yotchedwa Ma Robert, ndipo chiyembekezo chake chinali choti Zambezi akhale msewu wolowetsera Uthenga Wabwino ndi malonda oyenera pakati pa Afirika, kuti malonda a akapolo afe. Atakwera pang'ono kumtunda kwa Tete anakumana ndi mathithi ndi matanthwe a Cahora Bassa, amene sitima iliyonse sikanatha kudutsa. Khomo limenelo litatsekeka anakhotera mu mtsinje wa Shire, ndipo mu Seputembala 1859 anafika pa nyanja ya Malawi. Mishoni za Magomero, Livingstonia ndi Blantyre zinatsata njira imeneyo, ndipo mwa Amakololo amene anayenda naye m'zaka zimenezo ndimo munachokera mafumu a ku Chikwawa monga Kasisi, Chipatula ndi Katunga. Tingathe kunena kuti matanthwe a kumtunda kwa Tete anathandiza kulemba mbiri ya mpingo ku Malawi.

Kuno kwathu njira inali yopapatiza. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula Mphatso m'dziko la Angónia m'chaka cha 1909, koma boma la Chipwitikizi linatseka ntchito yawo m'chaka cha 1922. Kwa zaka pafupifupi 50 akhristu ankawoloka malire wapansi kukabatizitsa ana ndi kukadya Mgonero ku mipingo ya ku Malawi. Lero munthu amayenda m'misewu ya Tete Lamulungu m'mawa akumva nyimbo m'Chinyungwe, Chichewa ndi Chipwitikizi kuchokera m'makachisi a mipingo yosiyanasiyana, popanda wofunsa chilolezo.

Wokhala ndi tsiku lapadera apite ku Boroma, makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa mtsinje, kumene ansembe a chipani cha Yesu anayamba mishoni m'zaka za m'ma 1880. Tchalitchi chake chachikulu chaima pa chitunda moyang'ana Zambezi, ndipo ndi chimodzi mwa zomanga zokongola kwambiri m'chigawo chonse.

Wiriyamu

Makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa mzinda, cha kumbali kwa msewu wopita ku Changara, kuli malo amene mlendo amafikako atavula chipewa. Pa 16 Disembala 1972, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, asilikali a Chipwitikizi anazinga midzi ya Wiriyamu, Juwau, Chawola ndi ina yoyandikana nayo, napha anthu wamba, amayi ndi ana omwe. Wolemba mbiri Mustafah Dhada anasonkhanitsa mayina a anthu 385 amene anaphedwa.

Nkhaniyi ikanakwiririka pakanapanda ansembe amishoni amene anamva umboni wa opulumuka, nalemba mayina mmodzimmodzi, natulutsa zolembazo m'dziko mobisa. Pa 10 Julayi 1973 wansembe wa ku England, Adrian Hastings, anazifalitsa mu nyuzipepala ya The Times ya ku London. Boma la ku Lisbon linakana, koma dziko lonse linali litamva. Mu Epulo 1974 boma limenelo linagwa, ndipo pa 25 Juni 1975 Mozambique analandira ufulu. Zinatenga zaka pafupifupi 50 kuti mtsogoleri wa Portugal apepese: nduna yaikulu António Costa inatero ku Maputo mu Seputembala 2022. Pamalopo pali chipilala cha chikumbutso. Phunziro lake ndi losavuta kumva: anthu amene analibe mfuti, koma anali ndi cholembera ndi chikumbumtima, ndiwo anasunga mayina a akufa.

Chuma chodutsa pamwamba

Malonda a golide amene anakoka Apwitikizi anatha kale, koma chigwachi chikukokabe alendo. Pa mathithi amene anabweza Livingstone panamangidwa damu la Cahora Bassa pakati pa 1969 ndi 1974, pafupi ndi tawuni ya Songo. Khoma lake ndi lotalika mamita 171, ndipo makina ake angathe kutulutsa magetsi okwana mamegawati 2,075. Gawo lalikulu la magetsiwo limayenda pa nthambo makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Damuli linakhalabe m'manja mwa Portugal ufulu utabwera, mpaka mu Novembala 2007 pamene Mozambique anatenga gawo lalikulu la umwini wake. Nyanja imene inapangika inabweretsa usodzi wa kapenta ndi nsomba zouma za chikowa zimene timagula m'misika yathu, koma inamizanso midzi ndi minda, ndipo madzi osefukira chaka ndi chaka amene ankathira chonde m'madimba a kumunsi anasiya kubwera pa nthawi yake.

Kenaka kunabwera malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba ku Moatize m'chaka cha 2011, ndipo m'chaka cha 2022 inagulitsa mgodiwo kwa Vulcan. Njanji yotalika makilomita oposa 900 inakonzedwa kudutsa m'dziko la Malawi kukafika ku dooko la Nacala. Mahotela, mabanki ndi masitolo anamera ku Tete ngati bowa, ndipo mitengo ya nyumba inakwera. Koma mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi upeze malo, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme, kutali ndi mtsinje ndi msika, ndipo mu Januwale 2012 anatseka njanji podandaula za nthaka yosabereka ndi nyumba zong'ambika.

Wapaulendo amaona zonse ziwiri: sitima zazitali zodzaza malasha, ndi mayi wosenza mtolo wa nkhuni pansi pa nthambo zamagetsi zimene sizilowa m'nyumba mwake. Kuyambira pa golide ndi minyanga mpaka pa magetsi ndi malasha, Tete wakhala khomo limene chuma chimatulukirapo. Ana a chigawo chino, kuphatikizapo amene akuphunzira m'sukulu za kuno ku mapiri, ndiwo adzayankhe ngati khomolo lidzayambe kulowetsanso phindu kwa eni nthaka.

Malangizo kwa wopita

Nthawi yabwino yochezera Tete ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, pamene kutentha kumatsika. Yendani m'mawa ndi madzulo, ndipo masana khalani pa mthunzi monga amachitira eni mudzi. Nyamulani madzi akumwa okwanira ndi chipewa, ndipo usiku gonani m'masikito, chifukwa ife a ku mapiri matupi athu sanazolowere malungo a m'chigwa. Chitupa chanu chisachoke m'thumba, ndipo abale ochokera ku Malawi ndi Zambia atenge zikalata zoyendera zokwanira ndi ndalama za meticais. Musanajambule mlatho, nyumba za boma kapena munthu, pemphani chilolezo. Musasambe kapena kuchapa pa dooko limene simukulidziwa, pakuti m'Zambezi muli ng'ona ndi mvuu. Safunsa anadya phula.

Musabwerere musanalawe nsomba ya pende yowotcha ndi nyama ya mbuzi ya m'chigwa, ndipo ana muwatengere malambe ndi masau. Koposa zonse, pezani munthu wachikulire wa Chinyungwe, mumupatse moni waulemu, mukhale naye pansi. Zimene zikwangwani sizinena, iye akuuzani.

Mabungwe a amayi, magulu a achinyamata ndi makwaya amasonkha ndalama chaka ndi chaka za maulendo. Tikupempha atsogoleri awo, pamodzi ndi aphunzitsi a m'sukulu zathu, kuti pokonza ulendo wa ku Tete aziwonjezerapo tsiku limodzi loti ana akaone tchalitchi chakale ndi malinga, akaime pa dooko, ndipo ngati kungatheke akafike ku Boroma ndi ku Wiriyamu. Makoma akalewo akugwa chaka ndi chaka, ndipo okalamba amene anaona chibalo ndi nkhondo ziwiri akutha. Mwana amene waima pa malowo ndi mapazi ake, namva nkhaniyo m'chiyankhulo chake, adzakhala ndi choti adzauze ana ake.